FULASHI: NTCHITO YAKE NDI MAWU OYENERA POIFOTOKOZA

1.0 Mawu Oyamba

Mlembi akamaliza kulemba buku, mkonzi akamaliza kukonza nkhani, kapena mphunzitsi akamaliza kutayipa mayeso, ntchito imene imatsala ndiyo yochotsa zolembedwazo m'kompyuta imodzi ndi kuzifikitsa m'kompyuta ina, kumene zikasindikizidwe kapena kuwerengedwa. Kumalo kumene intaneti ndi yodula kapena yosadalirika, ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kachipangizo kakang'ono ngati chala kamene anthu ambiri amakatchula kuti fulashi. Kachipangizoka kamapezeka m'matumba a ophunzira, m'madirowa a m'maofesi, ngakhalenso m'mawayilesi a m'minibasi momwe kamaimba nyimbo tsiku lonse.

Ngakhale fulashi ili ponseponse chotero, ambiri mwa oigwiritsa ntchito sadziwa mmene imasungira zinthu, ndipo olemba za iyo m'Chichewa amasiyana mawu ndi kalembedwe. Kusadziwako kuli ndi mtengo wake, pakuti buku limene munthu walilemba kwa zaka zitatu lingathe kuzimirira m'kamphindi chifukwa chosokoneza mawu awiri okha, kukopera ndi kusamutsa. Choncho nkhani ino ikufotokoza chiyambi cha fulashi, kagwiridwe kake ka ntchito, kanyamulidwe ka mafayilo ndi mapulogalamu, zoopsa zake, ndiponso mawu amene alembi, akonzi ndi aphunzitsi angagwiritse ntchito poifotokoza.

2.0 Chiyambi cha Fulashi

Fulashi idabadwa pamene nzeru ziwiri, zimene zidatulukiridwa padera, zidaphatikizidwa. Nzeru yoyamba ndi ya kasungidwe. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa ku Japan, Fujio Masuoka, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Toshiba, adatulukira njira yosungira uthenga m'kachipangizo kamene sikaiwala ngakhale magetsi atazimitsidwa, komanso kamene kangathe kufufutidwa ndi kulembedwanso. Mtundu woyamba wa kachipangizoka, wotchedwa NOR, adaulengeza mu 1984, ndipo wachiwiri, wotchedwa NAND, mu 1987. Mtundu wachiwiriwu ndi umene uli m'mafulashi. Dzina la Chingerezi lakuti flash, limene tanthauzo lake ndi kung'anima, lidachokera kwa mnzake wa pantchito, Shoji Ariizumi, amene ankaona kuti kufufutika kwa zosungidwazo kumafanana ndi kung'anima kwa kamera pojambula.

Nzeru yachiwiri ndi ya polumikizira. Poyamba, pafupifupi chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta, monga makina osindikizira, chidali ndi posomekera pakepake. Makampani asanu ndi awiri, ena mwa iwo Intel, IBM, Microsoft ndi Compaq, adagwirizana kuti pakhale posomekera pamtundu umodzi. Mgwirizanowu udabala USB, chidule cha mawu akuti Universal Serial Bus, imene idalengezedwa mu Januwale 1996. Mu 1998 kampani ya Apple idatulutsa kompyuta ya iMac imene idali ndi USB koma yopanda polowetsera disiki ya fulope, ndipo ichi chidali chizindikiro cha kumene zinthu zinkalowera.

Makampani angapo amanena kuti ndiwo adayamba kuphatikiza nzeru ziwirizi. Kampani ya M-Systems ya ku Israel, imene inkatsogozedwa ndi Dov Moran, idapempha umwini wa nzeruyi mu 1999. Kampani ya Trek 2000 ya ku Singapore idayamba kugulitsa ThumbDrive mu 2000. Ndipo kampani ya Netac ya ku China nayonso imati nzeruyi ndi yake. Kumapeto kwa chaka cha 2000, IBM idayamba kugulitsa fulashi yopangidwa ndi M-Systems imene inkasunga mamegabayiti 8. Disiki ya fulope inkasunga mamegabayiti 1.44 okha, kotero fulashi yoyambayo inkaposa mafulope asanu. Patapita zaka khumi ndi chimodzi, mu 2011, kampani ya Sony idaleka kupanga mafulope.

3.0 Kapangidwe ndi Kagwiridwe ka Ntchito

M'kati mwa chikuto cha fulashi muli zinthu zikuluzikulu zitatu. Choyamba ndi mlomo wachitsulo umene umasomekedwa ku kompyuta. Kudzera pamlomopu fulashi imalandira magetsi ndi uthenga, ndipo nchifukwa chake siifuna batire. Chachiwiri ndi kachipangizo kosungira, kamene kali ndi tizipinda tosaoneka ndi maso tochuluka zedi. M'kachipinda kalikonse mumatsekeredwa mphamvu pang'ono ya magetsi, ndipo kuchuluka kapena kuchepa kwa mphamvuyo ndiko kumaimira manambala 0 ndi 1 amene kompyuta imawerenga. Chachitatu ndi kachipangizo kowongolera, kamene ntchito yake ili ngati ya kapitawo: kamasankha tizipinda tolembamo ndi kusunga kaundula wa pamene chinthu chilichonse chaikidwa.

Popeza mulibe chozungulira kapena choyendayenda monga mmene zidaliri m'fulope, fulashi imapirira kugwa ndi kugwedezeka. Komabe ili ndi zofooka ziwiri zimene wosunga zolembedwa ayenera kuzidziwa. Chofooka choyamba nchakuti kachipinda kalikonse kamatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene kafufutidwa ndi kulembedwanso. Kachipangizo kowongolera kamayesetsa kugawa ntchito mofanana kuti tizipinda tina tisathe msanga, koma tsiku limafika pamene fulashi imakana kulembedwa kapena kuwerengedwa, ndipo kawirikawiri tsikulo silichenjeza. Chofooka chachiwiri nchakuti mphamvu yotsekeredwa m'tizipinda ija imatayika pang'onopang'ono, makamaka pamalo otentha, kotero fulashi yoiwalidwa m'dirowa kwa zaka zambiri ingathe kupezeka itataya zina mwa zimene idasunga. Mwa ichi fulashi iyenera kuonedwa ngati dengu lonyamulira, osati nkhokwe yosungiramo.

4.0 Miyeso ya Kukula ndi Liwiro

Muyeso wochepetsetsa pakompyuta ndi biti, imene ndi 0 kapena 1. Mabiti 8 amapanga bayiti imodzi, imene imakwana kusunga lembo limodzi wamba. Mabayiti 1,000 ndi kilobayiti, makilobayiti 1,000 ndi megabayiti, mamegabayiti 1,000 ndi gigabayiti, ndipo magigabayiti 1,000 ndi terabayiti. Buku la mawu 50,000 lopanda zithunzi silikwana ngakhale megabayiti imodzi. Fulashi ya magigabayiti 16 imasunga zinthu zimene zikadadzaza mafulope oposa 10,000. Mu 2013 kampani ya Kingston idalengeza fulashi ya terabayiti imodzi.

Ogula ambiri amadandaula kuti abedwa akaona kuti fulashi yolembedwa magigabayiti 16 ikuonetsa ochepera 15 pakompyuta. Chifukwa chachikulu ndi kusiyana kwa kawerengedwe. Opanga mafulashi amawerenga gigabayiti ngati mabayiti 1,000,000,000, pamene Windows imaiwerenga ngati mabayiti 1,073,741,824. Pakawerengedwe kachiwirika, magigabayiti 16 amakhala pafupifupi 14.9, ndipo 32 amakhala pafupifupi 29.8. Malo ena pang'ono amatengedwanso ndi kaundula wa mafayilo.

Liwiro la USB limayezedwa ndi mabiti, osati mabayiti, ndipo apa omasulira amaphonya kawirikawiri. USB yoyamba inkafika mamegabiti 12 pasekondi, USB 2.0 ya mu 2000 imafika mamegabiti 480. Ndipo USB 3.0 ya mu 2008, imene mlomo wake nthawi zambiri umakhala ndi kapulasitiki kobiriwira ngati mtambo, imafika magigabiti 5. Mamegabiti 480 ndi mamegabayiti 60 okha, ndipo ameneŵa ndi malire chabe amene fulashi yotsika mtengo siiwafika. Pachidule cha zilembo, B wamkulu amaimira bayiti ndipo b wamng'ono amaimira biti. Mkonzi amene asintha MB kukhala Mb wachepetsa muyeso kasanu ndi katatu. Mu 2014 kudabweranso mlomo wa USB-C, umene umalowa mbali iliyonse ndipo umapezeka pamafoni ambiri.

5.0 Kunyamula Mafayilo

Fulashi ikasomekedwa, kompyuta imaionetsa ngati disiki yoonjezera, ndipo fayilo ingathe kupititsidwamo m'njira ziwiri. Kukopera ndiko kupanga fayilo ina yofanana ndi yoyamba, yoyambayo nkutsala pamalo pake. Kusamutsa ndiko kuchotsa fayilo pamalo pake ndi kuiika pena, kotero imakhala imodzi yokha. Mlembi amene wasamutsira buku lake m'fulashi poganiza kuti wakopera, ndiye kuti buku lonse lili m'thumba la malaya, ndipo malayawo akachapidwa kapena thumbalo likabowoka, ntchito yonse yapita.

Kuti mafayilo apezeke, fulashi imakhala ndi dongosolo la kaundula, ndipo madongosolo odziwika ndi atatu. FAT32 imawerengeka pafupifupi paliponse, pamakompyuta, pamawayilesi ndi pamakanema, koma siilandira fayilo imodzi yofika magigabayiti 4. Nchifukwa chake filimu yaitali imakanidwa ngakhale malo alipo ambiri. Dongosolo la exFAT, limene Microsoft idatulutsa mu 2006, lidachotsa malire amenewa ndipo limagwira ntchito pa Windows ndi pamakompyuta a Apple, koma zipangizo zina zakale sizilizindikira. NTFS ndi dongosolo la Windows. Kompyuta ya Apple imaliwerenga koma siilembamo popanda pulogalamu yapadera. Kukhazikitsa dongosolo latsopano m'fulashi ndiko kufomata, ndipo kumachotsa kaundula wa zonse zimene zidalimo.

Pali mfundo zina zitatu zokhudza makamaka olemba Chichewa. Yoyamba ndi ya maonekedwe a zilembo. Fayilo wamba siinyamula mtundu wa zilembo umene mlembi adasankha. Imangonyamula dzina lake. Ngati kompyuta ya osindikiza ilibe mtunduwo, imasankha wina, ndipo masamba amasuntha, ndime zimaduka, mwinanso lembo la ŵ, limene lili m'mayina monga Malaŵi pakalembedwe kena, limasanduka kabokosi kapena chizindikiro chachilendo. Njira yopewera vutoli ndiyo kusunganso zolembedwazo ngati PDF, imene imanyamula zilembo zake, ndi kupereka mafayilo onse awiri. Yachiwiri ndi ya mayina a mafayilo. Windows imalola nkhodolero, kotero mayina monga Ng'ombe kapena M'mudzi savuta, koma imakana mfunsiro, mitengero ndi zizindikiro zina zingapo. Mutu wa nkhani umene uli funso uyenera kulembedwa popanda mfunsiro. Yachitatu ndi ya kusiyanitsa makonzedwe. Fayilo imodzi ikayenda pakati pa mlembi, mkonzi ndi wosindikiza, imaswana, ndipo nkosavuta kusindikiza yosakonzedwa. Kuika tsiku patsogolo pa dzina, kuyambira chaka, mwezi kenaka tsiku, kumachititsa mafayilo kundandalikana okha monga mwa msinkhu wawo.

Pomaliza, fulashi siyenera kusololedwa pamene kompyuta ikulembamo. Nthawi zina kompyuta imaonetsa ngati yamaliza pamene mbali ina ya fayilo ikadali m'njira, ndipo kusolola pa nthawi yotero kumaononga fayiloyo kapena kaundula yense. Lamulo louza kompyuta kuti itulutse fulashi limatenga masekondi ochepa, ndipo limaonetsetsa kuti zonse zalembedwa.

6.0 Mapulogalamu Oyenda Nawo

Pulogalamu wamba imafuna kukhazikidwa m'kompyuta isanayambe ntchito. Pokhazikidwa imamwaza mafayilo ake m'mafoda osiyanasiyana, ndipo pa Windows imalembetsanso makonda ake m'kaundula wamkulu wa kompyutayo. Nchifukwa chake kukopera kachizindikiro ka pulogalamu kamene kamaoneka pagalasi la kompyuta sikunyamula pulogalamuyo. Kachizindikiroko ndi chikwangwani cholozera chabe. Pulogalamu yoyenda nayo ndi yosiyana: zonse zimene imafuna, pamodzi ndi makonda a mwini wake, zimakhala m'foda imodzi. Fodayo ikakhala m'fulashi, pulogalamuyo imatsegulidwa kuchokera momwemo pakompyuta iliyonse yoyenera, ndipo ikatsekedwa makondawo amabwerera m'fulashi.

Mu 2004 John T. Haller wa ku America adakonza Firefox, pulogalamu yoyendera pa intaneti, kuti izitha kugwira ntchito kuchokera m'fulashi, ndipo ntchitoyi idakula mpaka kukhala PortableApps.com, kumene kumapezeka mapulogalamu aulere mazanamazana okonzedwa motere. Ena mwa iwo ndi LibreOffice yolembera, GIMP yokonzera zithunzi ndi VLC yoonetsera mafilimu. Mu 2005 makampani a SanDisk ndi M-Systems adabweretsa njira yawo yotchedwa U3, imene inkafuna mafulashi apadera, koma idayamba kusiyidwa mu 2009. Ndi zothekanso kuika m'fulashi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, monga Ubuntu, ndi kuyatsa kompyuta kuchokera m'fulashimo. Amisiri amachita zimenezi populumutsa mafayilo m'kompyuta imene yakana kuyaka bwino.

Phindu la mapulogalamu otere kwa wolemba Chichewa ndi lalikulu. Pulogalamu yolembera imene idakonzedwera Chingerezi imadula mzere wofiira kunsi kwa mawu a Chichewa, ndipo nthawi zina imawasintha yokha mwakachetechete. Mkonzi amene wazimitsa kusintha kotereku, ndiponso wasonkhanitsa mndandanda wake wa mawu olembedwa molondola, amataya zonsezi akasamukira pakompyuta ina. Koma ndi pulogalamu yoyenda nayo, mndandandawo umapita kulikonse kumene iye wapita. Mphunzitsi amene amaphunzitsa m'chipinda cha makompyuta mopanda intaneti angathenso kugawira ophunzira onse pulogalamu imodzi kuchokera m'fulashi imodzi.

Komabe pali malire. Pulogalamu yokonzedwera Windows siigwira ntchito pakompyuta ya Apple. Imachedwerapo kutseguka, makamaka pafulashi ya USB 2.0, ndipo imafulumiza kutha kwa tizipinda chifukwa imalembamo kawirikawiri. Maofesi ena amatsekeratu makompyuta awo kuti asatsegule pulogalamu yochokera kunja, ndipo lamulo lotero liyenera kulemekezedwa. Chinanso, pulogalamu yoyenda nayo siiteteza munthu ku kompyuta imene ili kale ndi msampha wojambula zonse zotayipidwa, kuphatikizapo mawu achinsinsi. Ndiponso mapulogalamu ogulitsidwa amene athyoledwa ndi kugawidwa ngati oyenda nawo amaphwanya lamulo la umwini, monga momwe kukopera mabuku ndi nyimbo popanda chilolezo kumaliphwanyira. M'Malawi nkhani zoterezi zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992.

7.0 Zoopsa Zake

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Kuyenda kwa fulashi kuchoka pakompyuta ina kupita pa ina, kumene kuli ubwino wake, ndi kumenenso kumaichititsa kukhala njira ya mavayirasi. Kwa zaka zambiri Windows inkatsegula yokha pulogalamu imene yatchulidwa m'kafayilo kotchedwa autorun.inf, ndipo opanga mavayirasi adapezerapo mwayi. Mu 2008 fulashi yokhala ndi vayirasi idasomekedwa pakompyuta ya asilikali a America ku Middle East, ndipo vayirasiyo idafalikira mpaka m'makompyuta achinsinsi, kotero kuti asilikaliwo adaletsedwa kugwiritsa ntchito mafulashi kwa nthawi. Mu 2010 kudatulukiridwa vayirasi ya Stuxnet, imene inkayenda kudzera m'mafulashi ndipo idaononga makina oyengera yureniyamu ku Natanz m'dziko la Iran. Microsoft idatseka khomo limeneli pa Windows 7 mu 2009, ndi pamitundu yakale mu 2011, koma mavayirasi ena adapeza njira ina: amabisa mafoda enieni ndi kuika m'malo mwake zikwangwani za mayina omwewo, zimene zikatsegulidwa zimadzutsa vayirasiyo. Woona zoterezi asafulumire kufomata, pakuti kawirikawiri mafayilo ake amakhala akadalimo, angobisidwa.

Chidwi cha munthu nachonso ndi khomo. Pakafukufuku amene zotsatira zake zidalengezedwa mu 2016, ofufuza adataya dala mafulashi 297 pa University of Illinois, ndipo pafupifupi theka la iwo adatoledwa, kusomekedwa ndi kutsegulidwa. Fulashi yotola siyenera kusomekedwa, ngakhale cholinga chikhale chofuna kupeza mwini wake.

Choopsa china ndi kutayika. Mu Juni 2022, wantchito wina mumzinda wa Amagasaki ku Japan adataya chikwama mmene mudali fulashi yokhala ndi mayina ndi mbiri za anthu onse a mumzindawo, pafupifupi 460,000. Chikwamacho chidapezeka, ndipo chimene chidachepetsa mantha nchakuti zosungidwazo zidali zokhomedwa ndi mawu achinsinsi. Phunziro lake likukhudza mphunzitsi wonyamula mayeso amene sadalembedwe, ndiponso mkonzi wonyamula buku limene silidatuluke. Mapulogalamu monga BitLocker To Go ndi VeraCrypt amakhoma fulashi kuti woitola asawerenge kanthu. Nkofunikanso kudziwa kuti pa Windows fayilo yofufutidwa m'fulashi siipita m'bini momwe ingatoledwenso mosavuta, koma nthawi yomweyo siifafanizika kotheratu: katswiri angathe kuibwezeretsa ngati pamalo pake sipadalembedwe zina, ngakhale fulashiyo itafomatidwa mwachangu. Wobwereketsa fulashi akumbukire zimenezi.

Palinso mafulashi achinyengo, amene kachipangizo kake kowongolera kadaphunzitsidwa kunama. Fulashi yotere imaonetsa magigabayiti ambiri pamene ili ndi ochepa, ndipo malo enieniwo akadzaza imalemba zatsopano pamwamba pa zakale kapena kungozitaya, mayina a mafayilo nkumaonekabe ngati zonse zili bwino. Mtengo wotsika modabwitsa ndicho chizindikiro choyamba, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yatsopano ndi kuwerenganso zonse kuti ione kukula kwake kwenikweni. Pa zoopsa zonsezi mankhwala aakulu ndi amodzi: chilichonse chofunika chikhale m'malo atatu, pazipangizo zamitundu iwiri, ndipo amodzi mwa malowo akhale kutali ndi ena.

8.0 Mawu ndi Kalembedwe

Chiyankhulo chimapeza mawu a zinthu zatsopano m'njira zitatu zodziwika: kubwereka, kukulitsa tanthauzo la mawu akale, ndi kufotokoza. Njira zonsezi zikuoneka pankhani ya fulashi.

Mawu obwerekedwa amatsata maphatikizo a Chichewa, amene amathera ndi lembo la liwu. Choncho flash idasanduka fu-la-shi, disk idasanduka di-si-ki, ndipo program idasanduka pu-lo-ga-la-mu. Mawu ofotokoza monga kachipangizo kosungira mafayilo ndi othandiza potanthauzira koyamba, koma sangalowe m'malo mwa dzina, chifukwa ndi aatali ndiponso amakhudzanso zipangizo zina monga kakhadi ka m'foni. Popeza dzina lakuti fulashi lazika kale mizu pakamwa pa anthu, palibe chifukwa cholichotsera. Koma mayina a makampani ndi a katundu wawo, monga Windows ndi Toshiba, ndiponso zidule monga USB ndi PDF, amalembedwa monga mmene alili.

Pankhani ya agwirizanitsi, mayinawa amatsata chitsanzo cha kalata ndi makalata: fulashi yanga yatayika, mafulashi anga atayika, fayilo iyi ndi yaikulu, mafayilo awa ndi aakulu, chimodzimodzinso foda, pulogalamu ndi kompyuta. Oyankhula ena amati fayilo langa kapena kompyuta ziwiri, ndipo amamveka, koma m'buku limodzi mkonzi asankhe njira imodzi ndi kuisunga mpaka kumapeto.

Lembo la y limaikidwa pakati pa malembo a liwu m'mawu monga fayilo, bayiti ndi vayirasi. Lamulo lakuti r amatsata e ndi i, pamene l amatsata a, o ndi u, likuoneka bwino mu vayirasi ndi pulogalamu. Dzina lakuti fayilo ndilo lapatuka, pakuti lamuloli likadapereka fayiro. Koma popeza olemba ambiri adazolowera fayilo, nkwabwino kulisiya chomwecho kusiyana ndi kukhala ndi kalembedwe kawiri patsamba limodzi.

Aneni ambiri ofunika ali kale m'Chichewa, ndipo angofunika kuwasiyanitsa mosamala. Kusomeka ndi kusolola zimanena za dzanja la munthu, pamene kutulutsa kumanena za lamulo loperekedwa kwa kompyuta. Kukopera kumasiya fayilo yoyamba, kusamutsa kumaichotsa. Kufufuta kumakhudza fayilo yosankhidwa, kufomata kumakhudza fulashi yonse. Kukhazika pulogalamu ndi kosiyana ndi kungoikopera. Womasulira malangizo amene agwiritsa ntchito mneni mmodzi, monga kuchotsa kapena kuika, pa zochitika zonsezi amasiya woŵerenga pangozi.

Mawu akuti pulogalamu yoyenda nayo asankhidwa m'malo mwa pulogalamu yonyamulika chifukwa pulogalamu iliyonse ingathe kunyamulidwa ngati fayilo yodikira kukhazikidwa. Imene ikunenedwa pano ndi imene imagwira ntchito paulendo pomwepo. Momwemonso vayirasi ndi dzina loyenerera kuposa kachirombo. Mawu akuti kachirombo adazolowereka pankhani za matenda a anthu, ndipo amapatsa ophunzira ganizo lakuti chinthucho chimabuka chokha, pamene vayirasi ya kompyuta ndi pulogalamu yolembedwa dala ndi munthu.

9.0 Mawu Otsiriza

Masiku ano mafayilo ambiri amayenda pa intaneti ndi pamafoni, komabe fulashi ikugwirabe ntchito m'masukulu, m'maofesi ndi m'malo osindikizira, makamaka pamene fayilo ndi yaikulu kapena intaneti palibe. Aphunzitsi akulimbikitsidwa kuphunzitsa aneni a m'ndime 8.0 awiriawiri, ophunzira akuona pakompyuta chimene chikuchitikira fayilo, kuti tanthauzo likhazikike pamodzi ndi mawuwo. Akonzi aonetsetse kuti miyeso ya biti ndi bayiti siidasokonezedwe, ndiponso kuti dzina lililonse lobwerekedwa lalembedwa mofanana m'buku lonse. Alembi nawo asalole kuti ntchito imene sidasindikizidwe igone m'fulashi mokha ngakhale usiku umodzi.